Kampasi yamagetsi ikunama ngakhale sikirini inati zatheka

Namzeze:
Moni nonse. Ndabwera ndi vuto limene landisowetsa tulo sabata yonseyi. Kandege kanga ka anthu awiri kaja, ka aluminiyamu, kamene ndakhala ndikumanga zaka zinayi, tsopano kakuuluka. Injini ili bwino, mapiko ali bwino, koma kampasi yamagetsi ndiye yandiimitsa mutu. Magnetometer, kachipangizo kake koyeza maginito a dziko, ndinaiika kunsonga kwa phiko lakumanzere. Ndinaichuna pansi, sikirini n'kulemba kuti calibration yatheka. M'mwamba ndi nkhani ina. Ndikalunjika kum'mawa ikuwerenga madigiri 9 kuposa kampasi yamadzi, ndikalunjika kumadzulo ikuperewera ndi 8. Kumpoto ndi kumwera zikugwirizana ndithu.

Chinanso ndi kamuvi ka mphepo pa sikirini. Popita kum'mawa kapena kumadzulo kakuti kuli mphepo ya ma knot 15 yochokera kumwera. Ndikakhotera kumpoto, kuti mphepoyo izindikankha kumbuyo, ikuzimiririka, liwiro la pansi n'kufanana ndi la mumpweya. Mphepo yanji yothawa ukaifulatira? Ndachuna kawiri, palibe chasintha. Kodi chipangizochi n'chakufa, ndichibweze?

Kabawi:
Chunaninso kachitatu achimwene. Yanga inavomera ulendo wachinayi. Zinthu zimenezi zili ndi mwano.

Gogo Sipanala:
Musabweze kaye. Mwa zipangizo zonse zimene anthu anandibweretsera pa zaka zanga za ntchito akuti zafa, zakufa zenizeni ndingaziwerenge ndi zala za dzanja limodzi. Tandiyankhani izi a Namzeze. Munachunira pati? Injini inkalira? Magetsi ndi mawailesi anali oyatsa? Ndipo anakuuzani ndani kuti mphuno ya ndege yaloza 000, kumpoto kwenikweni?

Namzeze:
Zikomo gogo. Tinachunira pa konkire kutsogolo kwa shedi, chifukwa mpamene pali posalala. Injini inali yozima, tinkaitembenuza ndi manja ine ndi mnzanga. Ndinayatsa sikirini yokha kuopa kutha batire. Kumpoto tinakupeza ndi kampasi ya pa foni. Ulendo wachiwiri ndinaimika ndege pa mzere wapakati wa runway n'kutenga nambala yake ngati poyambira.

Gogo Sipanala:
Mafunso anayi, ndipo mwaphonya onse anayi. Musadandaule, ambirife tinadzera momwemo.

Konkire wa pabwalo amakhala ndi zitsulo m'kati, ndipo shediyo ndi chitsulo kuyambira pansi mpaka kudenga. Mphamvu ya maginito ya dziko lapansi n'njofooka kwambiri, ma microtesla 25 mpaka 65 basi kutengera pamene muli, moti chitsulo chachikulu chili pafupi chimaipinda ngati ulusi. Chipangizo chanu chinaphunzira maginito a shedi, n'kukwera nawo kumwamba kumene kulibe shedi. Uthenga uja wakuti zatheka umangotanthauza kuti masamu ake atha popanda kutsamwa, sukutanthauza kuti zimene munachidyetsa zinali zoona. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Za foni ndiye ndisanene zambiri. Foni ili ndi maginito m'masipika mwake, zikwama zina za mafoni zilinso ndi maginito otsekera. N'njabwino kukuuzani kumene mwasiya galimoto, osati kuchunira ndege.

Mai Mapiko:
Ndiwonjezepo pa nambala ya runway. Nambala ija ndi heading ya maginito, kutanthauza mbali imene mphuno yaloza pa kampasi, yozunguliritsidwa kufika pa madigiri 10 oyandikira, kenako n'kuchotsa ziro. Runway 09 ikhoza kukhala 086 kapena 094, ikhalabe 09. Komanso maginito a dziko amasuntha pomwe phula lili pomwepo, ndiye nambala imatha kutsalira zaka zambiri asanaipentenso. Ku London Stansted anasintha 05/23 kukhala 04/22 mu 2009 pa chifukwa chomwechi, ku Tampa anasinthanso zawo mu 2011. Ngati mukufuna kugwiritsa ntchito runway, pezani heading yake yeniyeni ya manambala atatu pa chart cha bwalolo, ndipo muonetsetse ngati ili ya maginito kapena ya kumpoto kwa pamapu.

Kamphepo kanu kothawa kaja n'kosavuta kukamvetsa. Ndege ilibe chipangizo choyeza mphepo m'mwamba. Kompyuta imatenga kumene mphuno yaloza ndi liwiro la mumpweya, n'kuyerekeza ndi kumene GPS ikuti mukupita ndi liwiro la pansi. Kusiyana kulikonse imakutcha mphepo. Pa ma knot 100, kampasi ikanama ndi madigiri 9 okha, kompyuta imapanga mphepo ya m'mbali pafupifupi ma knot 16 imene kulibe. Kumpoto kampasi yanu siikunama, n'chifukwa chake mphepoyo ikusowa.

Namzeze:
Mayi, mwandimasula. Ndimaganiza kuti ndili ndi mavuto awiri, kani ndi limodzi lovala malaya awiri.

Khungubwe:
Ine ndifunse mosapsatira. Tikuvutikiranji ndi kampasi masiku ano? GPS ikukuuza kumene ukupita mpaka pa digiri imodzi. Ine ndimangotsata mzere wapinki uja, kampasi ndimaiyang'ana kamodzi pa chaka.

Mai Mapiko:
A Khungubwe, GPS imakuuzani kumene mukupita, osati kumene mwaloza. Ndege ikaima pansi GPS siidziwa n'komwe kuti mphuno ili kuti. Wa pa tower akakuuzani kuti khoterani heading 270 akunena za kampasi, mphepo waiwerengera kale yekha. Mukatsata track ya GPS m'malo mwake, inu ndi ndege inzanu simuli pa chimene iye akuganiza. Nanga tsiku limene GPS idzasokonezedwe? Zimenezo zikuchitika kale m'madera ena kumene kuli nkhondo. Ndipo malamulo ambiri amaifunabe. Ku America, lamulo la 91.205 limatchula chosonyeza mbali cha maginito pakati pa zida zoyenera kukhalamo ngakhale pouluka masana kunja kuli mbee.

Khungubwe:
Chabwino, za tower ndavomera. Koma zija zoti kumpoto kukuthawa zimandiseketsa. Tizichuna chaka chilichonse potsata kumpoto koyendayenda?

Wamawaya:
Ayi akulu, mwaphatikiza zinthu ziwiri. Variation ndi kusiyana kwa kumpoto kwa pamapu ndi kumpoto kwa maginito, ndipo ndi nkhani ya dziko, osati ya ndege yanu. N'zoona kuti nsonga ya maginito ikuyenda. James Clark Ross anaipeza mu 1831 ku Boothia Peninsula kumpoto kwa Canada, lero ikuwoloka nyanja ya Arctic kulowera ku Siberia. Inathamanga kwambiri moti mu 2019 anachita kukonza World Magnetic Model, mapu a maginito a dziko lonse, nthawi yake isanakwane. Model imeneyi amaitulutsa a NOAA ndi a British Geological Survey zaka zisanu zilizonse, yatsopano inatuluka mu December 2024. Koma zimenezo sikirini yanu imazipeza mu software ndi mu database, simuzichuna ndi manja. Chimene timachuna ndi deviation, bodza limene ndege yeniyeniyo imauza kampasi yake. Limenelo ndi lanulanu, silili pa chart china chilichonse.

Kabawi:
Aphunzitsi atsegula kalasi. Tikhale pansi ife.

Wamawaya:
Khalani ndithu a Kabawi, ndipo inuyo mukhale kutsogolo, chifukwa zoti muzingobwereza mpaka ivomere zija ndi zimene ndikufuna kutsutsa.

A Namzeze, musanachunenso, yambani mwafufuza chimene chikusokoneza. Tulutsani ndege pa udzu kutali ndi nyumba, magalimoto ndi mipanda. Lizani injini. Ndege isasunthe, maso pa nambala ya heading, ndiye muziyatsa chinthu chimodzi, kulemba, kuzimitsa, kupita pa china. Getsi loterera, magetsi a kunsonga, strobe, chotenthetsera pitot, pampu ya mafuta, mota ya ma flap, wailesi mukamalankhula. Kenako yendetsani ndodo mbali zonse mpaka pomaliza, chimodzimodzi ma pedal. Zipangizo za Garmin zili ndi mayeso amenewa m'kati mwa menu, koma ngakhale chanu chilibe, pepala ndi pensulo zikukwanira.

Chifukwa chake n'chakuti waya aliyense amene mukudutsa magetsi amapanga maginito mozungulira iye. Masamu ake ndi apafupi: 0.2 kuchulukitsa ndi ma amp, kugawa ndi kutalika kwake m'mamita, yankho mu microtesla. Waya wa ma amp 4 pa mtunda wa masentimita 25 akupatsani pafupifupi 3.2. Zikuoneka zochepa, koma kampasi imadalira gawo logona lokha la maginito a dziko. Titenge 20 ngati chitsanzo. 3.2 pa 20 ndi madigiri 9. Mwaiona nambala imeneyo penapake?

Gogo Sipanala:
Mnyamatayu wanena zoona. Ndingowonjeza kuti mayesowo muwachite kawiri, mphuno italoza kumpoto, kenako italoza kum'mawa. Maginito oyenda motsata thupi la ndege, kuchoka kumphuno kupita kumchira, saoneka mukaloza kumpoto chifukwa akungowonjezera kapena kuchotsera pa mzere womwewo. Mukaloza kum'mawa mpamene amakoka chammbali. Ndaonapo munthu akuyesa zonse ndege italoza kumpoto, n'kulengeza kuti ndege yake n'njoyera.

Bodza la kampasi lili ndi maonekedwe ake, ndipo ukawadziwa limadziulula lokha. Kale tisanakhale ndi masikirini tinkalemba kulakwa kwa mbali zinayi n'kuwerengera. Kuphatikiza zonse zinayi n'kugawa ndi 4, imeneyo ndi A. Ikakhala yaikulu, ndiye kuti chipangizo chinamangidwa chopotoka kapena poyambira panu mpolakwika. Kum'mawa kuchotsa kumadzulo, kugawa ndi 2, ndi B, maginito otsata thupi la ndege. Kumpoto kuchotsa kumwera, kugawa ndi 2, ndi C, maginito otsata mapiko. Zanu a Namzeze ndi 9 ndi 8 wotsika, ndiye B ndi 8.5, C palibe. Waya woyenda m'kati mwa phiko kulowera kunsonga, akadutsa pamwamba kapena pansi pa magnetometer, maginito ake amaloza kutsogolo kapena kumbuyo. Kodi kunsonga kwa phiko limenelo kuli chiyani china?

Namzeze:
Kuli getsi loterera gogo. La halogen, ma watt 55. Ndipo ndimauluka lili loyaka nthawi zonse kuti anzanga azindiona.

Ndaleka kulemba, ndikupita kukagona ndi manyazi. Loweruka ndikayesa.

Njiwa:
Pepani ndilowererepo, ndine watsopano pagulu pano. Yanga ndi ya gudumu lakumchira, thupi lake ndi mapaipi achitsulo a 4130 okutidwa ndi nsalu. Sindinagule magnetometer, koma powerenga izi mantha andigwira. Ndege yonse ndi chitsulo, ndiye ndidzaiika pati? Ndipo ndidzachune mchira uli pansi kapena ndiunyamule?

Gogo Sipanala:
Takulandirani achemwali. Ndege zamapaipi zauluka ndi makampasi kuyambira kalekale, musaope. Mapaipi amatha kugwira maginito powotcherera, makamaka ndi magetsi. Tengani kampasi yam'manja muyende nayo pang'onopang'ono m'mbali mwa paipi iliyonse. Pamene singano yatembenuka mwamphamvu, lembanipo ndi choko. Malo otere amachotsedwa maginito ndi degausser, koma muyambe mwachotsa zida zonse za pa panel, apo ayi mudzalira. Magnetometer ikani kuphiko, kutali ndi mapaipi ndi ma strut. Ubwino wake, maginito a kachitsulo kamodzi amafooka msanga. Mukatalikitsa kawiri, mphamvu imatsika pafupifupi kasanu ndi katatu. Nthawi zambiri chikhatho chimodzi kapena ziwiri zimathetsa mlandu.

Mai Mapiko:
Za mchira, tsatirani buku la chipangizo chanu, chifukwa amasiyana. Koma mudziwe chifukwa chimene nkhaniyi ilili yaikulu. Mizere ya maginito siyenda chogona ngati tebulo kupatula pafupi ndi equator. Kumpoto kwa dziko imalowa pansi, kumwera imatuluka m'nthaka kuloza kumwamba, ndipo m'madera ambiri yapendekeka madigiri 60 kapena kuposa. Magnetometer imayeza mbali zitatu, kenako kompyuta imagwiritsa ntchito pitch ndi roll, kupendekeka kwa mphuno ndi kwa mapiko, kuti ipatule gawo logona. Ikanamizidwa za kupendekeka ndi digiri imodzi, pamene dip, kupendekeka kwa mizere kuja, ili 60 heading ikhoza kulakwa ndi 1.7, pamene ili 70 ndi 2.7. N'chifukwa chake muyambe mwachuna pitch ndi roll ndege itakhazikika monga imakhalira pouluka, kampasi pambuyo. Ndipo magnetometer ikhale yofanana kakhalidwe ndi bokosi la AHRS loyeza pitch ndi roll, osati ili yayang'ana uku inzake uko.

Kachunidwe kake nakonso n'kosiyana. Za Garmin mumayambira kumpoto, sikirini n'kumakuuzani kuti khoterani kumanja, imani, khoteraninso, pafupifupi madigiri 30 aliwonse mpaka mutazungulira. Za Dynon zimafuna mbali zinayi zikuluzikulu pansi, ndipo SkyView yawo ilinso ndi kuchuna kwa m'mwamba.

Njiwa:
Zikomo kwambiri mayi, zikomo gogo. Ndasunga zonsezi.

Kabawi:
A Namzeze, Loweruka lafika. Tikudikira ngati odwala pa mzere.

Namzeze:
Ndabwera akuluakulu. Tinakokera ndege kumapeto kwa bwalo pa udzu, galimoto tinaisiya kutali. Bwalo lathu lilibe compass rose, malo ojambulidwa mbali za kampasi pansi, ndiye ndinabwereka kampasi yoyang'anira m'kati ija. Mnzanga anaima kutsogolo mamita ngati 15, kuyang'ana kuti chipilala chapakati pa galasi chigwirizane ndi mchira, n'kuwerenga, ine n'kuchotsa 180. Ndinamuvula wotchi, makiyi ndi lamba, mpaka anayamba kufunsa ngati tikupita ku opaleshoni.

Injini ikulira, mphuno kumpoto, ndinayatsa zonse chimodzichimodzi. Palibe chinasuntha kupyola digiri imodzi. Ndinatsala pang'ono kusangalala, ndiye ndinakumbukira mawu a gogo. Titatembenuzira kum'mawa, sikirini inali pa 093. Pampu, palibe. Strobe, nambala ikungophethira pang'ono. Ma flap, digiri imodzi mota ikamayenda, ikaima n'kubwerera. Nditangodina getsi loterera, 102. Kuzimitsa, 093. Kuyatsa, 102. Ndinabwereza mwina kakhumi ngati mwana wapeza choseweretsa. Kumadzulo inachoka pa 273 kufika 264.

Nditatsegula nsonga ya phiko ndinapeza zimene mukuziganizazo. Waya mmodzi wofiira akudutsa pamwamba penipeni pa magnetometer, ndinachita kumumanga bwinobwino ndi ma cable tie. Waya wobwerera palibe, getsi ndinaligwiritsa ground pa nthiti ya phiko pomwepo, ndiye magetsi akubwerera kudzera m'aluminiyamu mmene afunira. Chinanso, ma screw anayi ogwira bracket akukakamira ku maginito. Ndinawamanga ndi screwdriver ya nsonga yamaginito ija yosagwetsa ma screw.

Kabawi:
Ndiye nkhani yatha. Poti mumauluka getsi lili loyaka, chunani lili loyaka. Kompyuta imeza bodzalo, inu n'kumapita. Palibe chomasula.

Wamawaya:
Ndimadziwa kuti wina anena zimenezi, ndipo ndimadziwanso kuti akhala ndani.

Calibration imatha kuchotsa chinthu chokhacho chimene sichisintha. Kachitsulo kamene kali ndi maginito ake, kokhala pamalo amodzi, kamakankhira muyeso mbali imodzi nthawi zonse. Kameneko kompyuta imakaphunzira n'kumakachotsera, ndiye amati hard iron. Chitsulo chopanda maginito akeake koma chopinda a dziko, chimene amati soft iron, chimasandutsa bwalo kukhala ngati dzira, ndipo bodza lake limakula pa 045, 135, 225 ndi 315. Nachonso zipangizo zambiri zimachiwongola ngati sichinanyanye. Koma getsi lili ndi switch. Mukachuna lili loyaka, tsiku limene babu lidzapse, kapena mudzazimitse chifukwa alternator yafooka, kampasi idzalumpha madigiri 9 kupita mbali inayo osakuchenjezani. Ndipo limenelo ndi tsiku lomwe mwina GPS nayo mwaizimitsa kuti musunge batire. Kompyuta siidziwa kuti switch ili pati. Mwangosamutsa bodza kulichotsa pa tsiku labwino kulipititsa pa tsiku loipa.

Kabawi:
Koma gogo anati tizichuna zonse zili zoyaka. Tsopano inu mukuti ayi. Timvere ndani?

Gogo Sipanala:
Tonse awiri. Mumachuna ndege ili monga imakhalira pouluka, injini ikulira, alternator ikutchaja, mawailesi oyatsa, chifukwa zimenezo sizizima m'mwamba. Koma chinthu choyatsa n'kuzimitsa chikamasuntha heading kwambiri chonchi, chimenecho sichichunidwa, chimakonzedwa. Pa kampasi yamadzi tinkalemba pa khadi kuti tayesa mawailesi ali oyatsa kapena ozima, chifukwa pa panel malo ndi ochepa, sungathawe waya aliyense. Kuphiko malo alipo ambiri, palibe chowiringula.

Wamawaya:
A Namzeze, chotsani ground ya pa nthiti ija. Kokani mawaya awiri, wopita ndi wobwerera, muwapote pamodzi ngati chingwe kuyambira ku thupi la ndege mpaka pa getsi. Magetsi akamapita mu wina n'kubwerera mu mnzake, maginito awo amafafanizana. Muwadutsitse kutsogolo kwa spar, mtanda waukulu wa phiko, kutali ndi magnetometer mmene mungathere. Ngati mungasinthe getsi kukhala la LED ndi bwinonso chifukwa limakoka ma amp ochepa, koma musadalire zimenezo zokha, mawaya apotedwebe. Shield ya waya musaiwerengere, imathandiza phokoso la pa wailesi koma maginito a DC amangodutsa.

Khungubwe:
Ma screw aikeni a stainless, nkhani ithe.

Gogo Sipanala:
Stainless si yonse. Ya mtundu wa 400 imakakamira maginito ngati msomali wamba. Ya 300, monga 304 ndi 316, nthawi zambiri siikakamira, koma ikapindidwa kapena kudindidwa popanga screw imatha kugwira pang'ono. Mabawuti a AN amene tonse tili nawo m'zitini ndi chitsulo, musanyengedwe ndi mtundu wachikasu uja, n'chokutira chabe. Pa bracket ya magnetometer ine ndimaika brass kapena nayiloni. Yesani chilichonse musanamange, ma washer, ma nutplate, ngakhale tizitsulo totsekera pulagi. Koma poyesa musagunditse maginito pa chinthu chimene mukufuna kumanga, mungachipatse matenda amene chinalibe. Chiyandikizeni ku kampasi yam'manja muone ngati singano igwedezeka. Screwdriver yamaginito ija ikhale m'bokosi, isafikenso kuphiko.

Namzeze:
Ndamva zonse. Ndipatseni masiku angapo, kukoka waya m'phiko lotseka kale si masewera.

Namzeze:
Ndabweranso. Zinanditengera madzulo atatu, ndipo mkono wanga uli ndi mikwingwirima mpaka m'chigongono chifukwa cha timabowo ta nthiti. Mawaya apotedwa, akudutsa kutsogolo, ma screw ndi a brass. Getsi ndasiya lomwe lija pakadali pano. Tsopano ndikaliyatsa nditaloza kum'mawa nambala siisuntha n'komwe.

Ndinachunanso pa udzu paja, injini ikulira, kenako n'kuyesa mbali 12. Kumpoto 003, pa 030 ikuti 033, kum'mawa 093, kumwera 184, kumadzulo 272, zinazo chimodzimodzi, paliponse ikuposa ndi 2 mpaka 4. M'mwamba mphepo yothawa ija yatha, koma kwabwera kamng'ono kake. Kulikonse kumene ndingaloze, kamuvi kakuwonjeza ma knot 5 ochokera kudzanja lamanja. Ndikazungulira nako kakuzungulira.

Mai Mapiko:
Kameneko ndi A wa gogo uja. Madigiri 3 pa ma knot 100 ndi ma knot 5, ndipo poti kulakwako n'kofanana mbali zonse, mphepo yake imayenda nanu. Mwina kampasi yobwereka ija ili ndi bodza lakelake, kapena magnetometer siinalunjike ndi thupi la ndege. Kuti musiyanitse, yendetsani ndege pansi pa mzere wowongoka wautali, mwaliwiro lokwanira kuti GPS iwerenge track. Pansi mphepo siikupatutsani, ndiye track ndi heading ziyenera kufanana, bola zonse ziwiri zikhale za maginito. Chitani popita ndi pobwerera.

Namzeze:
Ndayesa mmawa uno. Track 087, heading 090. Pobwerera 267 ndi 270. Ndiye kampasi yobwereka ilibe mlandu. Ndinamanga ulusi kuchoka pakati pa mphuno mpaka kumchira, n'kuyeza kuchokera pamenepo. Bracket ndinaiboola potsata m'mphepete mwa nsonga ya fiberglass, ndipo nsongayo siyowongoka. Pa utali wa masentimita 10 yapatuka ndi mamilimita 5. Ndi maso sungaone.

Wamawaya:
5 pa 100 ndi madigiri 3 pafupifupi ndendende. Zipangizo zina zimameza kupotoka kotere pochuna, zina ayi. Ngakhale chanu chikadameza, kuwongola bracket n'kwabwino kuposa kusiya kompyuta izikubisirani. Mukawongola muchunenso kuyambira pachiyambi, zakale zija zafa.

Namzeze:
Ndawongola, ndachunanso. Mbali zonse 12 zili m'kati mwa digiri imodzi, kupatula 210 imene ikuposa ndi 2. Ndinauluka mabwalo awiri athunthu, kamuvi kanakhala pa ma knot 7 kuchokera mbali imodzi osasuntha, ndipo kakugwirizana ndi utsi umene ndinaona pansi. Chotsala n'chakuti tsopano ndi kampasi yamadzi imene ikuoneka yabodza. Kumwera ikusiyana ndi yamagetsi ndi madigiri 7. Masiku onsewa ndimaitenga ngati mboni yokhulupirika.

Gogo Sipanala:
Imeneyo ndiye ntchito yanga yeniyeni. Bwererani pa udzu pomwepo ndi screwdriver ya brass. Pansi pa galasi pali ma screw awiri olembedwa N-S ndi E-W. Lozani kumpoto, tembenuzani N-S mpaka iwerenge N. Kum'mawa, E-W mpaka iwerenge E. Kumwera, chotsani theka lokha la kulakwa ndi N-S, osati konse. Kumadzulo, theka ndi E-W. Mukachotsa konse mungokankhira bodzalo kumbali inayo, n'kumazungulira mpaka dzuwa kulowa. Kenako yendani mbali 12 mukulemba pa khadi, n'kulimata pafupi ndi kampasi. Malamulo akale a Part 23 a FAA, bungwe loona za ndege ku America, ankati kulakwa kusapyole madigiri 10 pa heading iliyonse, ndipo khadi lisadumphe madigiri oposa 30. Njira yonse ili m'buku lawo la AC 43.13-1B ngati mukufuna kuiwerenga. Headset musaiike pamwamba pa panel pochita zimenezi, m'makutu mwake muli maginito. Ndipo poyambira pakhale kampasi yoyang'anira ija, musakopere manambala a sikirini, kuti makampasi awiriwa asadzanamire limodzi.

Kabawi:
Funso laling'ono, si langa, ndi la mnzanga wina. Ngati heading ikusuntha madigiri 6 akatsitsa ma flap n'kukhala pomwepo osabwerera, ndi waya kapena chitsulo?

Wamawaya:
Ikadakhala mota, ikadabwerera mota ikaima. Ngati yakhala pomwepo, pali chitsulo choyenda ndi ma flap pafupi ndi magnetometer, mwina torque tube kapena rod end. Muwauze anzanuwo aisamutse. Muwafunsenso kuti anaiika pati, chifukwa ndikukumbukira chithunzi china chimene munatumiza pano chaka chatha.

Kabawi:
Kuseri kwa mpando, pamwamba pa torque tube. Pali malo abwino osalala pamenepo.

Njiwa:
Ndi imene inavomera ulendo wachinayi ija?

Kabawi:
Ndi yomweyo achemwali. A Namzeze, kampasi yobwereka ija musaibweze kaye.